Mbusa John Chilembwe: Mwana wa ku Chiradzulu ndi Phunziro la ku Lynchburg

Chaka chilichonse pa 15 Januwale dziko lathu limakumbukira malemu Mbusa John Chilembwe, ndipo nkhope yawo timaiona pa ndalama zathu. Komabe ambiri a ife timangodziwa za nkhondo ya mu 1915, pamene sukulu imene inaumba maganizo awo sitiitchula kawirikawiri.

A Chilembwe anabadwa cha m'ma 1871 m'boma la Chiradzulu. Mu 1892 anayamba ntchito ya m'nyumba kwa mmishonale Joseph Booth, amene ankadzudzula poyera nkhanza za atsamunda. Mu 1897 a Booth anawatenga ulendo wa ku America.

Kumeneko mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention unawathandiza kulowa pa koleji ya Virginia Theological Seminary and College mumzinda wa Lynchburg. Inali koleji ya anthu akuda, ndipo mkulu wake, a Gregory Hayes, ankalimbikira kuti akuda aziyendetsa okha sukulu zawo popanda kulamulidwa ndi azungu. Ngakhale ukapolo unathetsedwa mu 1865, m'madera a kum'mwera kwa dzikolo malamulo a tsankho ankalekanitsa ana m'sukulu, ndipo akuda ambiri ankaphedwa ndi magulu a azungu popanda kuzengedwa mlandu. Koma a Chilembwe anaonanso zidzukulu za akapolo zikumanga makoleji ndi matchalitchi awo, zikusindikiza nyuzipepala zawo. Phunziro lalikulu limene anatola linali lakuti khungu silichepetsa ulemu umene Mulungu anapatsa munthu, ndipo ulemuwo umatetezedwa ndi maphunziro ndi ntchito za manja.

Atadzozedwa ubusa anabwerera kwawo mu 1900 ndi kuyambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe. Amishonale akuda a ku America, Mbusa Landon Cheek ndi Mayi Emma DeLany, anawathandiza mpaka 1906. Anatsegula sukulu m'midzi, amayi anaphunzira kusoka, ndipo tchalitchi chachikulu cha njerwa chinamangidwa ndi akhristu eni ake.

Koma tsankho limene anaona kutsidya la nyanja linalinso pakhomo. Pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero anthu ankagwira thangata, ndipo woyang'anira wake, William Jervis Livingstone, anatenthetsa nyumba zopemphereramo za akhristu a Chilembwe. Mu Novembala 1914 m'busayu analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti Amalawi osauka akufera nkhondo ya azungu imene sidzawapindulira. Boma silinamvere.

Usiku wa pa 23 Januwale 1915 otsatira awo anaukira. Livingstone ndi azungu ena awiri anaphedwa. Pa 26 Januwale gulu lina linatentha mishoni yathu ya Nguludi, imene ansembe a chipani cha Montfort anatsegula mu 1903, ndipo Bambo Swelsen anavulazidwa. A Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale chakufupi ndi Mulanje. Boma linagumula tchalitchi cha ku Mbombwe ndi kupha otsatira awo ambiri, ndipo mishoniyo inatsegulidwanso mu 1926 ndi Dr. Daniel Malikebu.

Kwa zaka zambiri mbiriyi inkafotokozedwa ndi atsamunda okha. Zinasintha mu 1958 pamene George Shepperson wa pa yunivesite ya Edinburgh ndi Thomas Price anatulutsa buku la Independent African, limene linaonetsa ubale wa pakati pa Mbombwe ndi anthu akuda a ku America. Wolemba wathu D. D. Phiri analembanso za moyo wawo.

Ife akhristu a Katolika mbiriyi imatikhudza pawiri. Sitingavomereze kukhetsa magazi, ndipo chilonda cha Nguludi ndi chathu. Komanso sitingakane kuti dandaulo la a Chilembwe pa thangata ndi tsankho linali la chilungamo. Kuchokera mu 2006, pa Nguludi pomwepo pali Yunivesite ya Katolika. Tiyeni makolo ndi akatekisiti tilimbikitse achinyamata athu kufufuza mbiri ya dera lino yonse, yokoma ndi yowawa, kuti aphunzire kumenyera ulemu wa munthu aliyense m'njira ya mtendere.