Gordon Parks

Gordon Parks (30 Novembala 1912 – 7 Malichi 2006) anali wojambula zithunzi, wolemba mabuku komanso wopanga mafilimu wa ku America. Amadziwika ndi zithunzi zoonetsa umphawi ndi tsankho zomwe anthu akuda ankakumana nazo m'dzikolo.

Ubwana

Anabadwira ku Fort Scott, m'chigawo cha Kansas, ndipo anali chitsirizira m'banja la ana 15. Mayi ake atamwalira, anakakhala kwa mchemwali wake ku St. Paul, Minnesota, koma posakhalitsa anayamba kudzipezera yekha chakudya. Anagula kamera yake yoyamba ku Seattle pa nthawi yomwe ankaperekera zakudya m'sitima yapamtunda, ndipo luso lojambula anadziphunzitsa yekha.

Ntchito yojambula

Mu 1942, ali ku bungwe la boma la Farm Security Administration ku Washington, anajambula chithunzi chotchedwa American Gothic. Chimaonetsa Ella Watson, mayi wosesa m'maofesi a boma, ataima ndi tsache ndi chokolopera kutsogolo kwa mbendera ya America.

Mu 1948 magazini ya Life inasindikiza zithunzi zake za mtsogoleri wa gulu la anyamata ovuta ku Harlem, New York, kenaka inamulemba ntchito. Anali munthu wakuda woyamba kukhala wojambula wa magaziniyi. Mu 1956 anajambula mabanja a ku Alabama, komwe malamulo ankalekanitsa azungu ndi anthu akuda. Nkhaniyo itatuluka, mayi wina wa m'zithunzizo anachotsedwa ntchito ya uphunzitsi.

Zipolowe za 1967

Mu Julayi 1967 kunabuka zipolowe ku Newark ndi ku Detroit, ndipo ku Detroit kokha kunafa anthu 43. Pofuna kuonetsa gwero la mkwiyowo, Parks anakhala milungu ingapo akujambula banja limodzi losauka, la a Fontenelle, ku Harlem. Zithunzizo zinatuluka mu Malichi 1968, zikuonetsa nyumba yozizira, njala ndi bambo wosowa ntchito. Owerenga anatumiza ndalama ndipo banjalo linapeza nyumba ku Long Island, koma pambuyo pake nyumbayo inapsa, bamboyo ndi mwana mmodzi n'kufera momwemo.

Mafilimu ndi imfa

Parks anatsogolera mafilimu a The Learning Tree (1969), ochokera m'buku lake lomwe, ndi Shaft (1971). Mu 1988 analandira mendulo ya National Medal of Arts. Anamwalira ku New York ali ndi zaka 93, ndipo anaikidwa m'manda kwawo ku Fort Scott.