Omar ibn Said, kapolo amene analemba mbiri yake m'Chiarabu

Ophunzira athu amene adzapite ku koleji n'kukaphunzira mbiri yakale ya dziko la America adzayamba ndi zaka zingapo zodziwika. Mu 1607 Angerezi anamanga mudzi wa Jamestown ku Virginia, mu 1619 anthu oyamba ochokera ku Africa anatsitsidwa m'dera lomwelo, ndipo mu 1776 madera 13 analengeza kuti achoka pansi pa ulamuliro wa Britain. M'mbiri imeneyi akapolo amatchulidwa kawirikawiri ngati chiwerengero chabe. Omar ibn Said ndi mmodzi mwa ochepa amene timawadziwa dzina, kwawo ndi maganizo awo, chifukwa iyeyo ankatha kulemba.

Omar anabadwa cha m'ma 1770 ku Futa Toro, m'mbali mwa mtsinje wa Senegal, m'banja la Chisilamu lopeza bwino. Anakhala zaka 25 akuphunzira Qur'an, Chiarabu ndi malamulo a chipembedzo kwa mashehe a ku Futa ndi ku Bundu. Atabwerera kwawo anali munthu wosunga swala ndi wopereka zakaat chaka ndi chaka. Mu 1807, ali ndi zaka pafupifupi 37, gulu lankhondo linaukira dera lawo, linapha anthu ambiri, ndipo iye linamutenga kupita naye kunyanja kumene anagulitsidwa. Ulendo wa pa sitima unatenga mwezi ndi theka.

Anatsikira pa doko la Charleston ku South Carolina, mzinda umene unalemera ndi mpunga wolimidwa ndi akapolo. Ife a ku Hara tikudziwa thukuta limene munda wa mpunga umafuna, kuyambira kuwokera mpaka kumweta. Kumeneko anthu ankagwira ntchito yomweyo popanda malipiro, ndipo ana awo ankabadwa ali kale katundu wa mwini munda. Omar anafika kutatsala pang'ono kuti lamulo loletsa kubweretsa akapolo kuchokera kunja liyambe kugwira ntchito pa 1 January 1808. Lamulolo linatseka madoko, koma amene anali atalowa kale silinawamasule.

Munthu woyamba kumugula anali wankhanza, ndipo mu 1810 Omar anathawa. Anayenda pafupifupi mwezi mpaka kufika ku Fayetteville ku North Carolina. Kumeneko analowa m'nyumba yopemphereramo kuti apemphere, anthu anamuona, ndipo anamutsekera m'ndende masiku 16. Ali m'ndendemo anayamba kulemba pakhoma zilembo zoyambira kumanja kupita kumanzere. Anthu a m'tauniyo anabwera kudzaona chodabwitsachi, pakuti ambiri ankakhulupirira kuti munthu wakuda wochokera ku Africa sangadziwe kulemba. James Owen, mchimwene wake wa John Owen amene pambuyo pake anakhala bwanamkubwa wa North Carolina, anamutenga, ndipo Omar anakhala m'manja mwa banja limeneli moyo wake wonse.

A Owen sankamugwiritsa ntchito yakalavulagaga, ndipo iye mwini anawatamanda m'zolemba zake. Komabe sanamumasule. Anamupezera Baibulo la Chiarabu, ndipo cha m'ma 1820 analembedwa m'kaundula wa mpingo wa Presbyterian. Akatswiri a mbiri amasiyana maganizo pa nkhaniyi: ena amati analowadi Chikhristu, ena amati anasunga Chisilamu mumtima. Za mumtima mwa munthu amadziwa ndi Allah yekha. Chimene tingathe kuona ndi zimene dzanja lake linasiya papepala.

Mu 1831 analemba mbiri ya moyo wake m'Chiarabu, masamba 15. Asanatchule n'komwe za kubadwa kwake, anayamba ndi Surah Al-Mulk, imene anailemba kuchokera pamtima patapita zaka zoposa 20 chichokereni kwawo. Iyi ndi Surah ya nambala 67, ya ma ayah 30, yomwe ana athu ambiri amaloweza ku madrasa. Phunziro lake ndi lakuti ufumu ndi umwini wa zinthu zonse uli m'manja mwa Allah. Munthu amene malamulo a dziko ankamuwerenga ngati katundu wa munthu mnzake anasankha kutsegula mbiri yake ndi Surah imeneyi, ndipo eni akewo sankatha kuwerenga Chiarabu. Palinso kapepala kena ka m'ukalamba wake kamene anthu ankati ndi Pemphero la Ambuye, koma odziwa Chiarabu atakawerenga anapeza kuti ndi Surah An-Nasr.

Omar anamwalira ali ndi zaka zoposa 90, pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku America, asanaone chaka cha 1865 pamene ukapolo unathetsedwa m'dziko lonselo. Anafa ali kapolobe. Mu 2017 Library of Congress ya ku Washington inagula zolemba zake zija, ndipo ku Fayetteville lero kuli mzikiti wotchedwa dzina lake.

Nkhaniyi tisaiwerenge ngati ya kutali. Kuno ku Karonga, Mlozi anamanga linga ku Mpata ndi kuzunza Ankhonde pa malonda omwewa, mpaka pamene anagonjetsedwa ndi kunyongedwa mu December 1895. Iye anali Msilamu ngati Omar. Mmodzi anagulitsa anthu, wina anagulitsidwa, ndipo wophunzira woona mtima ayenera kudziwa mbiri zonse ziwiri. Ambiri mwa amene anatengedwa m'midzi ya m'mbali mwa nyanja yathuyi kupita ku Kilwa ndi ku Zanzibar sitiwadziwa mayina, chifukwa sanasiye cholembedwa chilichonse.

Omar analandidwa banja, chuma, dziko ndi ufulu. Zimene analoweza ali mnyamata palibe anatha kumulanda, ndipo ndi zimene zachititsa kuti patapita zaka pafupifupi 200 tizimutchulabe dzina. Makolo, mwana akamavutika ndi zilembo za Chiarabu masana ndi za Chingerezi m'mawa, musamulole kusiya chimodzi mwa ziwirizi.