Shankar Laxman, Mlonda wa Pagolo Amene Sanataye Mtima

Alipo masewera ena amene sadziwika kwenikweni m'midzi mwathu, ochedwa hoke. Anthu 11 mbali iliyonse amathamangitsa kampira kolimba ngati mwala ndi ndodo zokhota kunsonga, nalimbirana kukalowetsa m'golo. Ku India masewerawa anali ulemerero wa dziko lonse, ndipo mmodzi wa ngwazi zake anali malemu Shankar Laxman, mlonda wa pagolo.

A Laxman anabadwa pa 7 July 1933 m'tauni ya Mhow. Pa unyamata wao anali kukonda mpira wamiyendo. M'caka ca 1947 analowa usilikali monga woimba m'bandi ya gulu la Maratha Light Infantry. Kumeneko anasiya mpira wamiyendo nayamba hoke m'timu ya asilikali, ndipo luso lao linawafikitsa m'timu ya dziko.

Pa masewera a Olympics ku Melbourne mu 1956, India inagoletsa zigoli 38 popanda kugoletsedwa ngakhale cimodzi, ndipo pa masewera otsiriza inagonjetsa Pakistan 1-0. Koma ku Rome mu 1960 zinthu zinatembenuka. Naseer Bunda wa ku Pakistan anamenya mpira umene unawadutsa a Laxman, ndipo cigoli cimodzico cinagwetsa ufumu umene India inaugwira kuyambira 1928. Mu 1962 ku Jakarta, pa mpikisano wa maiko a ku Asia, Pakistan inapambananso 2-0.

Nchito ya mlonda wa pagolo ndi yowawa. Anzace akalakwa pamakhala wina wokonza kumbuyo kwao, koma iye akalakwa palibenso wina. Ndiponso masiku amenewo alonda analibe cisoti kapena cochinga kumaso, anali kuvala zoteteza miyendo ndi manja cabe. Ambiri akadaleka atagonja kawiri motero, koma a Laxman anapitiriza kuima pakati pa mitengo ija, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya.

Tsiku lobweza linafika pa 23 October 1964 ku Tokyo, pamene maiko awiriwa anakumananso pa masewera otsiriza a Olympics. Mohinder Lal anagoletsera India cigoli cimodzi. Pamenepo a ku Pakistan anathira nkhondo pagolo mosalekeza, koma a Laxman anachinga mipira yonse kufikira wezulo yotsiriza. Mendulo ya golide inabwerera ku India.

Mu 1966 anawasankha kukhala kapitao wa timu ya dziko, cinthu cosowa kwa mlonda wa pagolo. Ku Bangkok anagonjetsanso Pakistan 1-0, napatsa India golide woyamba wa hoke pa mpikisano wa maiko a ku Asia. Boma linawalemekeza ndi mphatso ya Arjuna mu 1964 ndi ya Padma Shri mu 1967. Atawasiya m'timu yopita ku Mexico mu 1968, India inathera pa nambala 3, ndipo kanali koyamba kulephera kufika pa masewera otsiriza.

Atapuma usilikali anakhala kwao ku Mhow. Zaka zao zomaliza zinali za usiwa ndi matenda a mwendo, ndipo anamwalira pa 29 April 2006 ali ndi zaka 72. Dziko limene linawaombera m'manja ku Tokyo linacedwa kukumbukira kuti ngwazi nayonso imakalamba, imadwala, ndipo imafuna woisamala.