KIICHIRO TOYODA ANAKANA CITSULO COSALIMBA

Mlendo wocokera ku Petauke kapena ku Lundazi akafika mu Lusaka nakwera kabasi ka ku Kabwata kapena ku Chelstone, kawirikawiri kabasiko kamakhala ka Toyota. Momwemonso maambulansi ambiri a zipatala za kumidzi. Mlungu uno tikufotokozerani mbiri ya Kiichiro Toyoda, amene anayambitsa kampaniyi, ndi mmene analimbanira ndi vuto la zitsulo za galimoto, zimene amakanika amazicha masipeya.

Kiichiro anabadwa pa 11 June 1894 m'cigawo ca Shizuoka, ku Japan. Atate ake, a Sakichi Toyoda, anali ochuka pa luso lopanga makina oombera nsalu. Atatsiriza maphunziro a makina pa yunivesite ya Tokyo mu 1920, mwanayu anatsata nchito ya atate ake. Mu 1929 kampani ya ku England ya Platt Brothers inavomera kulipira mapaundi 100,000 kuti iloledwe kupanga makina a banjali. Koma mtima wa Kiichiro unali pa galimoto, ndipo mu 1933 anatsegula cigawo ca magalimoto m'fakitale ya makina a nsalu. Anagula Chevrolet naiphwasula yonse kuti aphunzire kapangidwe kake.

Masiku amenewo Ford ndi General Motors anali kumangira magalimoto ao mu Japan momwemo, koma zitsulo anali kuitanitsa ku America. Opanga zitsulo zabwino m'dzikomo anali ocepa. Injini zoyamba za Kiichiro zinatayidwa zambiri cifukwa ca kuonongeka pozisungunula. Lole yake yoyamba, G1, inatuluka mu 1935, koma inali kufera pamseu kawirikawiri, ndipo iye ndi anchito ake anali kuthamangira kukaikonza ndi kufufuza citsulo cimene calakwa.

Ku America, Henry Ford anathana ndi vuto lotere mwa kudzipangira yekha pafupifupi zonse. Anali ndi migodi, sitima zapamadzi, ngakhale munda wa mphira ku Brazil. Kiichiro analibe cuma cotere. Kampani ya Toyota itakhazikitsidwa mu 1937, anaona kuti mutu umodzi susenza denga. Mu 1939 opanga zitsulo anasonkhanitsidwa m'bungwe limodzi, limene mu 1943 linachedwa Kyohokai. Lamulo linali lakuti wopanga zitsulo akasankhidwa aziyesedwa ngati nthambi ya Toyota, asamatayidwe msanga, koma athandizidwe kukonza nchito yake. Pa fakitale ya ku Koromo, yotsegulidwa mu 1938, Kiichiro anafunanso kuti citsulo ciriconse cizifika pa nthawi imene cifunika, kuti ndalama zisagone m'nkhokwe.

Nkhondo Yaciwiri itatha, kampaniyo inatsala pang'ono kugwa. Mu 1950 mabanki anaumirira kuti anchito acepetsedwe, ndipo panabuka sitalaka. Anthu oposa 1,600 anacoka pa nchito. Kiichiro sanafune kukhala pampando anzake atataya cakudya, motero nayenso anatula pansi udindo. Anamwalira pa 27 March 1952 ali ndi zaka 57, asanaone zipatso za thukuta lake.

Amene anatsala, monga Taiichi Ohno, anakulitsa maganizo ake. Tisaganize kuti Toyota inali yofewa, pakuti nayonso inali kufuna kuti mitengo ya zitsulo izitsika caka ndi caka. Kusiyana kwake kunali kwakuti inali kutuma akatswiri ake kukathandiza wopangayo kucepetsa zotayika. General Motors inatenga njira ina mu 1992, pamene inatsegulanso mapangano akale niumiriza opanga zitsulo kudula mitengo, ndipo cikhulupiriro pakati pao cinaonongeka. Phindu la ubale linaoneka mu February 1997, moto utatentha fakitale ya Aisin yopanga kacitsulo ka mabuleki. Toyota inaima, koma makampani ambirimbiri anathandizana kupanga kacitsuloko, ndipo m'masiku owerengeka nchito inayambanso.

Komabe palibe kampani imene silakwa. Matumba ochinjiriza okwera pa ngozi opangidwa ndi Takata anapezeka kuti ena akuphulika ndi kupha anthu. Magalimoto mamiliyoni ambiri, a Honda, Toyota, Ford ndi ena, anaitanidwa kuti akakonzedwe, ndipo kampani ya Takata inagwa mu 2017.

Mbiriyi itiphunzitsa kuti galimoto, kaya ndi ya bwana wa ku Kabulonga kapena ya mlimi wonyamula cimanga ku Katete, kulimba kwake kuli m'kacitsulo kakang'ono kosaoneka. Inu amene mubwera mu tauni kudzagula sipeya ya mabuleki, musakopeke ndi kuchipa kokha. Funsani amene anaipanga, pakuti miyoyo ya anthu amene mudzanyamule idalira kacitsuloko.