Ambuye Adam Kozłowiecki: Wa m'Ndende ya Dachau Amene Anadzatumikira ku Kasisi

Akristu ambiri a ku Kasisi ndi midzi yozungulira Chongwe amalidziwa dzina la Ambuye Adam Kozłowiecki. Koma ana athu ocepa cabe ndiwo adziwa kumene munthuyu anacokera ndi zimene anapirira asanafike kuno.

Iwo anabadwa pa 1 April 1911 ku Huta Komorowska m'dziko la Poland. Anaphunzira pa sukulu ya ansembe a Cijezuiti ku Chyrów. Pa sukulu zotere anyamata anali kuphunzira Cilatini ndi Cigriki, nawerenga mabuku a anthu akale monga Cicero, Virgil ndi Homer. Mu 1929 analowa m'cipani ca Ajezuiti, ndipo mu 1937 anadzozedwa unsembe.

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse inabuka mu September 1939. Mu November caka comweco apolisi a Gestapo anawagwira ku Kraków pamodzi ndi Ajezuiti anzao. Mu June 1940 anatumizidwa ku Auschwitz, ndipo mu December anawasamutsira ku Dachau m'dziko la Germany.

Ku Dachau Ajeremani anatsekera atsogoleri a mipingo oposa 2,700, ambiri a iwo Akatolika. Ansembe a ku Poland okha anali pafupifupi 1,780, ndipo 868 anafera komweko ndi njala, matenda ndi nkhanza. Akaidiwa anacokera m'maiko ambiri. Wa ku France sanali kumva Cipolishi, wa ku Poland sanali kumva Cidachi. Cinawathandiza ndi Cilatini ca kusukulu cija. Ndi cinenero cimeneci anali kupemphera, kulapitsana ndi kukambirana. Ngakhale pamene ansembe a ku Poland analetsedwa kulowa m'kacalici ka m'ndendemo mu 1941, mapemphero a Misa anali m'mitu mwao. Pa 17 December 1944 Bishopu Gabriel Piguet wa ku France anadzoza mwacinsinsi Mjeremani Karl Leisner kukhala wansembe, mwambo wonse m'Cilatini, alonda osadziwa.

Asilikali a ku America anamasula Dachau pa 29 April 1945. Bambo Kozłowiecki anatuluka amoyo, ndipo mu 1946 anafika kuno, dziko lili kuchedwa Northern Rhodesia. Anayamba nchito pa mishoni ya Kasisi, imene Bambo Julius Torrend anatsegula mu 1905. Nchito yao yaikulu inali ya masukulu. Munthu amene anaona kuti zophunzira zimakhala ndi mwini ngakhale atalandidwa zonse, anafuna kuti ana a alimi nawonso adziwe kuwerenga.

Mu 1950 anapatsidwa udindo woyang'anira Mpingo m'dera la Lusaka. Mu 1955 anadzozedwa ubishopu, ndipo mu 1959 anakhala Arkibishopu woyamba wa Lusaka. Anakhalapo pa msonkhano waukulu wa Vatican waciwiri, kuyambira 1962 kufikira 1965, umene unalola kuti Misa izicitika m'zinenero za anthu. Motero Cilatini cimene cinawasunga m'ndende cinapatsa malo Cinyanja, Cibemba ndi Citonga m'macalici mwathu. Mu 1969 anatula pansi udindo wao kuti mwana wa m'dziko muno atsogolere, ndipo anawalowa m'malo ndi Emmanuel Milingo. Iwo anabwerera ku nchito ya kumidzi monga wansembe wamba, nakhala zaka zambiri ku Mpunde pafupi ndi Kabwe. Papa John Paul II anawasankha kukhala Kardinala mu 1998. Anamwalira ku Lusaka pa 28 September 2007 ali ndi zaka 96.

Ife makolo a kuno timadziwa mmene zimakhalira nyengo ya dzinja ikafika. Manja amacepa kumunda, ndipo mwana ndiye woyamba kucotsedwa m'kalasi kuti akapalire cimanga kapena kubusa ng'ombe. Ena timati maphunziro a mabuku alibe phindu kwa mlimi. Moyo wa Ambuye Kozłowiecki ukutsutsa maganizo amenewa. Ng'ombe zimafa ndi matenda, nkhokwe imatha caka ca cilala, koma zimene mnyamata uja anaphunzira ku Chyrów anapita nazo ku Dachau, nabwera nazo ku Kasisi. Tiyeni m'miphakati yathu tifunsane kuti ndi ana angati a pa mudzi pathu amene asiya sukulu, ndipo tiwabweze m'kalasi.