Bambo William Koyi, Mtusane wa Angoni

Amayi anzathu, pamene tikukondwerera zaka za Chigwirizano chathu kuno ku Linthipe, taganiza kuti tikumbutsane za munthu wina amene anayendapo m'dziko lino kale, Mvera ndi Nkhoma zisanamangidwe. Munthuyo ndi Bambo William Koyi. Iwo sanali Mzungu, sanalinso mbusa wodzozedwa. Anali Mxhosa wa ku South Africa, munthu wodya thukuta lake monga amuna athu omwe.

Anabadwa m'chaka cha 1846 pafupi ndi Thomas River. Ali mnyamata anachoka kwao kukafuna ntchito. Poyamba ankayendetsa ngolo za ng'ombe, kenaka analoŵa ntchito yotsuka ubweya wa nkhosa ku Uitenhage, ndipo pambuyo pake anakagwira m'sitolo ku Port Elizabeth. Kusukulu anali asanapiteko, koma anadziphunzitsa okha kuŵerenga chinenero chao. M'chaka cha 1869 analoŵa mpingo wa Wesleyan, ndipo mu 1871 anayenda pansi ulendo wautali kunka ku sukulu ya Lovedale. Taganizani, amayi, mwamuna wa zaka 25 kukayamba maphunziro amene ana ake a anthu ena anali atadutsa kale! Kumeneko aphunzitsi anaona msanga kukhulupirika kwao, nawaika kuti aziyang'anira anzao pa ntchito zamanja.

Mu 1876 Dr James Stewart anapempha ophunzira a ku Lovedale kuti ena adzipereke kudzathandiza misoni yatsopano ya Livingstonia ku Cape Maclear. Anaimirira anthu 14, ndipo anasankhidwa anai: Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope, Mapassa Ntintili ndi a Koyi. Podzipereka, a Koyi anadziyesa munthu wa theka chabe la talente, woyenera kutema nkhuni ndi kutunga madzi. Koma a Mngunana anamwalira mu 1877, a Wauchope anabwerera kwao atadwala, a Ntintili anakagwira ntchito ku Blantyre. Amene anakhalitsa ndi wa theka la talente uja.

Chimene chinawathandiza kwambiri ndi chinenero. Chixhosa ndi Chingoni ndi zapachibale, choncho Angoni ankawamva popanda womasulira. Mu 1878 anatsagana ndi Dr Robert Laws kukwera kuchokera kunyanja kudzaonana ndi Inkosi Chikusi, amene masiku amenewo ankaopedwa m'mapiri onse ano a Dedza ndi Ntcheu. Pa ulendowo a Koyi ndiwo anali pakamwa ndi makutu a misoni. Ulendo womwewo unawafikitsa kumpoto, kwa Angoni a M'mbelwa, kumene ntchito yao yaikulu inali kuwadikira.

Atabwerera kwao mu 1880 anakwatira mwana wa Mbusa Andries van Rooyen. Munthu wina akanati basi, ndagwirako, tsopano ndimange banja kwathu. Iwo anabweranso, ndipo mu 1882 anakhazikika ku Njuyu, m'boma la Mzimba la lero. Mai Koyi anawatsatira kumeneko. Ife amayi tiyenera kuima pang'ono pamenepa. Mai ameneyu anasiya makolo ndi abale, nawoloka nyanja yamchere ndi mitsinje, kudzasunga nyumba m'dziko limene nkhondo inali ntchito ya chaka ndi chaka. Mabuku a mbiri amatchula kaŵirikaŵiri amuna amene anayenda, koma moto wa pakhomo la ku Njuyu panali wina amene ankausonkha.

Zaka za ku Njuyu zinali zoŵaŵa. Akuluakulu a Angoni anakana sukulu, poopa kuti anyamata akaphunzira adzataya chishango ndi mkondo. A Koyi sanakwiye, sanachokenso. Ankakhala nawo pabwalo, kumva milandu, kulalikira pamene aloledwa, ndi kuzimitsa mikangano pakati pa Angoni, Atonga a kunyanja ndi Azungu a ku Bandawe. Chifukwa chake Angoni anawatcha Mtusane, ndiye kuti mkhalapakati. Usiku anthu atagona, ana a sing'anga Kalengo Tembo ankabwera mobisa kudzaphunzira kuŵerenga.

Dr Walter Elmslie anafika mu 1885. Kuchiyambi kwa 1886 kunagwa chilala, ndipo Angoni anapempha amisoni kuti apempherere mvula. Mvula inagwa. Patapita miyezi yoŵerengeka M'mbelwa ndi nduna zake analola kuti sukulu zitsegulidwe. Koma mau aja anawapeza a Koyi ali gone pamphasa, thupi litatha. Anawamva, nakondwera, ndipo pa 4 June 1886 anamwalira ali ndi zaka ngati 40. Mai Koyi anatsala wamasiye ukwati usanakwanitse ndi zaka zisanu ndi ziŵiri zomwe, kutali ndi aliyense wa kwao wodzawapukuta misozi.

Sukulu imene anaidikira zaka zinai inatsegulidwa kumapeto a chaka chomwecho, iwo atagona kale m'manda ku Njuyu. Mu 1890 aŵiri mwa ophunzira ausiku aja, Mawelera ndi Makara Tembo, anabatizidwa, ndipo a Mawelera anadzakhala wopeka nyimbo zambiri zachikhristu za Chingoni. Kuno kwathu, Mbusa A.C. Murray anafika ku Malaŵi mu 1888, nayamba wakhala pakati pa amisoni a Livingstonia, ndipo mu November 1889 anamanga hema lake ku Mvera.