William Fleetwood, M'busa Amene Anayeza Kukwera kwa Mitengo

William Fleetwood anabadwira ku London mu 1656, ndipo anaphunzira ku Eton ndi ku Cambridge. Anali mlaliki wotchuka wa mpingo wa Anglican, koma akatswiri a zachuma amamukumbukira chifukwa cha funso la wophunzira wina wa ku Oxford.

Lamulo la koleji ya wophunzirayo, lolembedwa m'zaka za m'ma 1400, linkaletsa kuthandiza aliyense wopeza ndalama zoposa mapaundi 5 pachaka, ndipo munthu ankachita kulumbira kuti sapitirira pamenepo. Iyeyu ankapitirira. Kodi akanalumbira, bwenzi atanama pamaso pa Mulungu?

Fleetwood sanathamangire kumuweruza. Anafukula m'mabuku akale mitengo ya tirigu, nyama, zakumwa ndi nsalu, n'kupeza kuti katundu wa mapaundi 5 akalewo tsopano ankagulidwa ndi mapaundi 28 mpaka 30. Choncho anati wopeza zochepera apo angathe kulumbira ndi chikumbumtima choyera, popeza olemba lamulo ankaganizira zimene ndalamayo inkagula, osati nambala chabe.

Zimenezi anazisindikiza mu 1707 m'buku lotchedwa Chronicon Preciosum. Kuyerekeza mitengo ya katundu yemweyo pa zaka zosiyana ndiwo maziko a momwe maboma amayezera kukwera kwa mitengo lero.

Anadzakhala bishopu wa St Asaph mu 1708, kenako wa Ely mu 1714. Anamwalira mu 1723.